Nkhope ya a Amosi pa Khoma la Eni

Bambo Amosi Kamtengeni anali munthu amene nkhope yawo sinkakhalitsa m'mutu mwa wina aliyense. Moyo wawo wonse wa ntchito anali dalaivala wa mabwana a m'boma, ndipo mabwanawo ankangodziwa nkhongo yawo. Tsiku lotsanzikana nawo ku ofesi, bwana wina amene anamuyendetsa zaka zambiri anawapatsa moni wa mlendo, n'kudzawazindikira iwo atatembenuka kuti akatenge chakumwa. Atapuma ntchito anakhazikika ku Kawale, n'kumaweta nkhuku zoikira kuseri kwa nyumba. Anali onenepa, a masaya ofufuma, a dazi, okhala ndi njerewere imodzi pakati penipeni pa chipumi. Odziwika anali akazi awo, mayi Pauline, moti anthu polozera nyumbayo ankati kwa a Pauline.

Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala mayi Eva Katsekera, a kwawo ku Mulanje. Amuna awo, a Levison, anali telala pamsika komanso mkulu wa mpingo, munthu wamtali, woonda ngati bango, wosaseka chisawawa. Matenda a shuga anali atawatenga chaka chapitacho. A Amosi ndi a Levison ubwenzi wawo unali wokangana. Ankakangana za mpira, za mtengo wa feteleza, ndiponso za papaya womera pamalire amene aliyense ankati ngwake. Chimwalirireni a Levison, a Amosi analibe wokangana naye, poti ndi mayi Pauline sikunali kukangana, kunali kungomvetsera.

A Katsekera anali ndi mwana mmodzi yekha, Annette, amene anapita kukaphunzira kudziko lina lozizira n'kupezera ntchito komweko. Maliro a bambo ake anangoonera pafoni. Atabwera m'nyengo ya fumbi, anthu a mumzere wonsewo anakhamukira pakhonde la mayi Eva kudzamuona, komanso kudzaona zimene wabweretsa. A Amosi anapita ndi mazira m'mbale n'kukhala pampando wakumapeto.

Annette anatulutsa kabokosi ka pulasitiki konga ka machesi n'kukapereka kwa mayi ake ndi manja awiri. Mkati munali kagalasi kosaposa chikhadabo. Pakati pake panali kadontho kotuwa, kamene ukakapendeketsa kankasintha mitundu ngati khosi la nkhunda. Anthu anadikira kuti atulutse china, koma panalibe china.

Iye anafotokoza kuti ntchito yake njosema, kungoti zimene amasemazo n'zazing'ono kwambiri. Pakadontho paja, anatero, panali tizipilala tambirimbiri toimirira m'mizere, kalikonse kowonda moti ungatindandike mazanamazana m'mimba mwa tsitsi limodzi. Posema sagwiritsa ntchito sompho kapena mpeni. Amaika galasilo m'makina aakulu ngati kabati, n'kupopamo mpweya wonse, kenako makinawo amalilasa ndi kamtsinje ka tinthu tosaoneka, kamene kamakumba pang'onopang'ono monga madzi a m'denga amakumbira pansi. M'chipinda cha makinawo munthu amalowa atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, chifukwa kafumbi kamodzi kakagwerapo kamakhala ngati thanthwe lagwera pamudzi. Anthu anayang'ana fumbi limene linali pansapato zawo. Kuwala kukamadutsa m'tizipilalamo, anapitiriza, kena kamakuchedwetsa kwambiri, kena pang'ono, ndiye kukatulukira mbali inayo kumakakumana pakhoma n'kupanga chithunzi.

"Ndiye mukamasemapo mumaona chiyani, mwanangu?" anafunsa a Amosi.

"Sitiona ndi maso, Ankolo. Pali makina ena otionera."

"Wosema saona, wolandira saona," anatero mayi Pauline, "koma ndege ndiye mwakwera."

Annette anaseka, kenako nkhope inagwa. Anati mmenemo anasemamo nkhope ya bambo ake, ndipo inamutengera miyezi, chifukwa ankapempha makinawo anzake akaweruka. Kuti ioneke pankafunika tochi yapadera ya kuwala kobiriwira yotchedwa leza. Ena anamva ngati wati lezala, ena ankati watchula dzina la Mulungu. Tochiyo anali nayo, koma anamulanda pabwalo lina la ndege. Anawapempha mayi ake kuti adikire: mawa lake ankapita ku Zomba kukalankhula ndi ophunzira, ndipo kumeneko akabwereka ina.

Mayi Eva sanadikire. Munthu wauzidwa kuti amuna ake ali m'kabokosi pamwamba pa kabati, ndiye azingosesa pabwalo? Annette atangokwera basi, iwo anapita kumsika wa Chilinde n'kufunsa tochi ya leza benchi ndi benchi, mpaka wogulitsa maloko wina anawapatsa kachidole kopachika ku makiyi, kamene ana amavutitsira nako agalu. Kankatulutsa kadontho kofiira. Mayi Eva anaona kuti kuwala ndi kuwala.

A Amosi sanadziwe kanthu mpaka madzulo a tsiku lotsatira, pamene ankapita kukasiya mazira kugolosale. Mayi wogulitsa tomato, amene sanawapatsepo moni chiyambire, anaimirira n'kuwayang'anitsitsa mpaka anakhota. Wakabaza wina anachepetsa liwiro n'kunena kuti akuluakulu mwatchuka. Mwini golosale anawerenga mazira maso ali pachipumi pawo. Atafika kunyumba anapeza mayi Pauline atakhala pampando, nsapato zili kumapazi, chikwama chili pamiyendo ngati ali pasiteji ya basi.

"Pitani kwa a Eva mukadzione," anatero.

M'balaza mwa mayi Eva munali mdima ngakhale kunja dzuwa linali likadalipo, chifukwa mawindo anali atawatchinga ndi mabulangete. Amayi anali atadzaza sofa, ena atakhala pansi. Mayi Eva anali atapana kagalasi kaja ndi chopanira zovala, dzanja linalo litagwira katochi. Atadina, pakhoma loyera pamwamba pa wayilesi panatulukira nkhope yofiira, yaikulu ngati lichero. Inali ya masaya ofufuma, mutu wosalala, mphuno yotambalala. Pakati penipeni pa chipumi panali kadontho kowala kuposa pena paliponse.

A Amosi anakweza dzanja n'kugwira njerewere yawo. Amayi onse anatembenuka kuwayang'ana, n'kuyang'ana khoma, n'kuwayang'ananso. Iwo anachita mantha, koma pansi pa manthawo panali kanthu kena kamene sanakayembekezere. Sanadzionepo aakulu chonchi. Ngakhale chithunzi cha pachiphaso chawo choyendetsera galimoto chinkaoneka ngati cha munthu wodutsa.

"Awa ndi bambo a Annette," anatero mayi Eva misozi ili m'maso. "Angonenepako kumene aliko. Kumeneko kulibe shuga."

Palibe anawatsutsa pamaso. Koma anthu atatuluka, nkhani inayenda ndi mapazi ake. Mwana ananena yekha pakhonde, anthu onse akumva, kuti wasema nkhope ya bambo ake. Nkhope yatuluka ndi ya a Amosi. Makina a kunja sanama. Pofika Lamlungu anthu anali atazindikira kuti makutu a Annette ndi a kwa Kamtengeni, ndi kuti kayendedwe kake n'ka munthu wobadwa kwa dalaivala. Chithunzi cha khomalo chinazungulira m'mafoni, ndipo anthu ankabwera kuchokera ku Biwi ndi ku Kauma kudzaona kaye khoma, kenako n'kudzasuzumira pampanda kuti aone mwini nkhope akudyetsa nkhuku.

A Amosi anayesa kudziteteza ndi mfundo imene ankaiona ngati yosagwedezeka: Annette anabadwira ku Mulanje, makolo ake asanabwere n'komwe ku Lilongwe. Apa m'pamene mayi Pauline anakumbukira kuti chaka china, kalekale, a Amosi anaperekeza bwana wawo kumsonkhano ku Mulanje, ndipo pobwera anawagulira chitenje. Anati chitenjecho chinawadabwitsa kuyambira tsiku lomwelo, chifukwa mwamuna sagula chitenje popanda mlandu. Anakachitulutsa pansi pa sutikesi, chitathetheka kale, n'kuchiyala patebulo ngati mboni. Zovala za a Amosi zinasamukira pabalaza.

Masiku amenewo a Amosi ankakhalitsa m'khola la nkhuku, kuyesa kukumbukira ulendo wa ku Mulanje uja. Ankakumbukira kuti ankagona m'galimoto, ndi kuti anadya nanazi mpaka lilime linang'ambika. China sankachikumbukira. Komabe munthu akamauzidwa chinthu chimodzi ndi anthu ambiri amayamba kudzikayikira, ndipo iwo anayamba kudzifunsa ngati nanazi angaiwalitse munthu zinthu. Choopsa kwambiri chinali chakuti maganizowo sankawawawa mmene anayenera kuwawawira. Mwana wawo Trevor ankakhala ku Area 25, kuchita bizinezi ya pafoni imene palibe ankaimvetsa, ndipo ankabwera kokha akafuna mazira. Tsono kukhala ndi mwana wamkazi wolankhula pamaso pa ophunzira a ku Zomba, wosema zinthu zimene ngakhale nyerere singazione! Tsiku lina anadzipeza akuuza mwini golosale kuti ana athu a masiku ano ndi anzeru, ndipo anachita manyazi njira yonse yobwerera, akupepesa kwa a Levison mumtima.

Pofuna kusiyana ndi munthu wapakhomayo anameta ndevu zawo zapamlomo. Anthu anati tsopano ndiye afanana zenizeni. Anayamba kuvala chipewa, anthu anati akubisa umboni.

Mayi Eva anamva mphekeserazo mochedwa, monga zimakhalira ndi mwini nkhani, ndipo anabwera okha kwa mayi Pauline. Amayi awiriwa anali atagawana mchere ndi moto zaka zambiri, motero sanatukwanane. Anakhala pakhonde, aliyense akuyang'ana kwake. Mayi Eva anati mwamuna amene anamudziwa ndi mmodzi, ndipo ngakhale akanafuna wachiwiri sakanasankha a Amosi. A Amosi anamva mawuwa ali kuseri kwa chitseko, ndipo sanadziwe ngati awatenge ngati thandizo. Mayi Pauline anati iwo sakukana, koma akufuna munthu wodziwa ayang'ane m'galasimo anene amene alimo.

Anayesa kumuimbira Annette, koma foni ya mayi Eva inali yothetheka sipika, ndipo zimene zinamveka n'zakuti kufiira ayi, kubiriwira, musakhudze ndi zala. Choncho atatuwo anakwera minibasi kupita ku Biwi, kukiliniki ina yaing'ono kumene kunali makina oonera tizilombo m'magazi. Mayi Eva anakhala kutsogolo atafumbata kabokosi, mayi Pauline pakati, a Amosi kumbuyo pafupi ndi thumba la makala.

Woyeza magazi, mnyamata waulemu dzina lake Collins, anamvetsera nkhani yonse osaseka. Anatenga kagalasiko n'kukaika m'makina, n'kusuzumira nthawi yaitali, akupotokola apa ndi apo. Anati akuona kabwalo kotuwa kosalala, basi. Ngati muli tizipilala ndiye n'tochepa kuposa zimene makina ake angaone. Mayi Pauline anamuuza kuti ayang'anitsitse ngati mulibe dazi. Collins anasuzumiranso, kenako anawongoka, n'kuganiza kuti anthu akuluakulu abwera kuchokera ku Kawale sangabwerere opanda yankho.

"Chimene ndinganene motsimikiza, amayi, n'chakuti malungo mulibe."

Anakwera minibasi yobwerera ku Kawale. Panjira mayi Eva anati zimenezo n'zoona, a Levison malungo sankawadwala kawirikawiri.

Annette anafika tsiku lotsatira, ali chimanjamanja. Mphunzitsi amene anali ndi tochi yobiriwira ku Zomba anali ataikhomera mu ofesi n'kupita kumaliro. Atamva zimene zachitika anakhala pansi pakhonde, n'kugwira kumutu, mapewa akugwedezeka, moti a Amosi sanadziwe ngati akulira kapena akuseka. Kenako anaitanitsa anthu onse okhudzidwa n'kufotokoza. Anati kuwala kulikonse kuli ndi kayendedwe kake: kobiriwira kumaponda mapazi afupiafupi, kofiira kumatambasula miyendo. Iye tizipilala tija anatisema n'kutitalikitsa moyeza mapazi a kobiriwira. Ukadutsitsamo kofiira, chithunzi chimakula, chimafufuma, tsitsi ndi magalasi a maso zimasungunuka, ndipo kuwala kotsala kumene sikunapindidwe kumangopita molunjika n'kukaunjikana pakati.

"Ndiye njerewereyo ndi kuwala kotsala?" anafunsa mayi Pauline.

"Eya, Anti."

"Ya pakhoma kapena ya pachipumi?"

Annette anati ya pakhoma. Mayi Pauline anati mawu ndi mawu, iwo akufuna kuona. Annette anazungulira m'masitolo a m'tauni osapeza tochi yobiriwira, mpaka wina anamuuza za Maxon wa ku Area 23, woimbitsa nyimbo m'maukwati, amene anali ndi makina othwanimitsa kuwala pabwalo lovinira. Maxon anabwera Loweruka masana pa njinga yamoto, atanyamula makinawo ndi sipika yaikulu ngati mbiya. Anali wamfupi, wa magalasi akuda, ndipo anawapatsa a Amosi moni wa manja awiri, nati ndakuonani pafoni, bwana.

Mabulangete anabwerera m'mawindo. Anthu anadzaza balaza mpaka kukhitchini, ena anatsalira panja. A Amosi anawakhazika pampando pafupi ndi khoma kuti kuyerekeza kusavute. Apa Maxon anaulula zinthu ziwiri. Choyamba, makina ake sankatulutsa mtundu umodzi. Ankasinthanitsa kobiriwira ndi kofiira, ndipo batani loimitsira linathyoka kuukwati wina ku Chinsapo. Chachiwiri, sankayaka pokhapokha atamva kugunda kwa nyimbo.

Mayi Eva anati m'nyumba ya mkulu wa mpingo muimbidwa nyimbo ya Mulungu. Amayi anayambitsa nyimbo ya pamaliro, yodekha, yokoka mawu. Makina anangoti duu. Anayesa ina yofulumirako, akuwomba m'manja. Makina anaphethira kamodzi n'kugonanso. Maxon anati pepani amayi, awa anazolowera za kumadyerero. Mayi Eva anayang'ana kudenga, n'kunena kuti Mulungu akuona kuti si kufuna kwawo.

Sipika itagunda, mbale za m'kabati zinanjenjemera, ndipo kamzere kobiriwira kanatumphuka m'makina n'kuyamba kuthamanga uku ndi uku. Annette anagwada pakati pa balaza atagwira kagalasi ndi chopanira zovala, akuthamangitsa kuwalako ngati munthu wofuna kugwira nkhuku. Anakuphonya kangapo. Kenako anakupeza.

Pakhoma panaima a Levison. Anali iwo ndithu, obiriwira ngati tsamba la chinangwa: nkhope yaitali, masaya olowa, magalasi atatsikira pamphuno, tsitsi lopesedwa ndi mzere pambali, ndi kakamwa kaja kokhala ngati kangomva mtengo wa chinthu n'kusagwirizana nawo. Kadontho kapakati kanali kakang'ono, kobisala pakati pa magalasi. Mayi wina anakuwa. Koma kuwalako sikunkaima malo amodzi, ndiye a Levison nawonso sanaime. Analumphira kumanzere, n'kutsika, n'kunjenjemera pamene ng'oma inkagunda, n'kukwera mpaka kudenga. Kenako mtundu unasintha, ndipo pamalo pawo panabwera nkhope yofiira yonenepa ija, ikugwedeza masaya. Kenako a Levison. Kenako a Amosi. Anthu awiriwo ankalandizana bwalo motsatira nyimbo, wina akalowa wina n'kutuluka, ndipo palibe amene ankaphonya sitepe.

Mayi Eva anayamba kuseka. Anaseka mpaka anatsetsereka pasofa n'kukhala pansi, misozi ikuyenderera, akumenya simenti ndi chikhatho. Atapeza mpweya anauza anthu chinthu chimene ku Kawale kunalibe ankachidziwa: a Levison asanakhale mkulu wa mpingo anali katswiri wovina kuminda ya tiyi, ndipo iwo anawaonera koyamba pabwalo la dansi, atavala buluku lotambalala kumapazi, anthu atawapangira bwalo. Anasiya tsiku limene anabatizidwa, osavinanso ngakhale paukwati wa mchemwali wawo. Annette anamva zimenezi ali chigwadire, mkono uli m'mwamba, ndipo sanautsitse mpaka nyimbo inatha.

A Amosi sanaseke. Pamene nkhope yobiriwira ija inatulukira koyamba, iwo anaiwala zoti anthu akuwayang'ana. Kakamwa kaja anakadziwa. Ndi kamene kankawayankha pampanda m'mawa uliwonse kuti papaya si wanu. Analira mokweza, ngati mwana, kulira kumene sanalire pamaliro chifukwa tsiku limenelo anali otanganidwa ndi kuyendetsa galimoto ya nkhuni. Maxon, poganiza kuti nyimboyo yawakhudza, anaibwereza.

Mabulangete atachotsedwa, mayi Pauline anapereka chigamulo chawo. Anati wobiriwirayo ndi a Levison, palibe angakane, ndipo mayi Eva awakhululukire. Koma anafuna kudziwa chimene wofiirayo akufuna m'galasi la eni. Annette anabwerezanso za mapazi aatali ndi aafupi, n'kunena kuti munthu ndi mmodzi yemweyo, kungoti kuwala kwina kumamukulitsa. Mayi Pauline anayang'ana amuna awo amene ankapukuta mphuno ndi chipewa, n'kunena kuti ndiye kuti zaka zonsezi akhala ndi a Levison ofufuma. Anapepesanso kwa mayi Eva, ulendo uno ngati kuti iwo ndi amene anatenga cha mwini. Zovala za a Amosi zinabwerera kuchipinda madzulo omwewo.

Annette asananyamuke anabwera kudzatsanzika. Anawapeza a Amosi akukonza chitseko cha khola, ndipo anawapepesa chifukwa cha mavuto onse amene kagalasi kake kanawabweretsera. Anawatchula Ankolo, monga ankachitira chiyambire ali wamng'ono. A Amosi anayang'ana makutu ake mwakabisira. Sanali a kwa Kamtengeni m'pang'ono pomwe. Anali aatali, oonda, a bambo ake. A Amosi anati palibe vuto, mwanangu, ndipo mawu omalizawo anawatchula mosamala, monga amawatchulira munthu aliyense wamkulu kwa mwana wa mnzake. Anamufunsa ngati m'chipinda choyeracho amaloledwa kudya. Iye anati ayi. Iwo anati ndiye azidya kaye asanalowe.

Tochi yobiriwira Annette analonjeza kuti adzatumiza, ndipo anatumizadi, koma mayi Eva ataiyesa sinawasangalatse. A Levison ankangoima pakhoma osagwedezeka, akuwayang'ana ngati afunsa za chakhumi. Anaiika m'kabati, n'kupangana ndi Maxon kuti azibwera Lamlungu lina lililonse anthu akaweruka kutchalitchi. Akuluakulu a mpingo atamva kuti kunyumba ya malemu mnzawo kukumagunda nyimbo za kumadyerero, anatuma awiri kuti akawadzudzule mayiwo. Awiriwo anakhala mpaka kumapeto, ndipo mmodzi anafunsa ngati sabata inayo angabwere ndi akazi ake.

A Amosi ankaloledwa kupita, koma pokhapokha ali ndi mayi Pauline. Anthu a ku Biwi ndi ku Kauma analeka kusuzumira pampanda, ndipo mayi wa tomato uja anabwerera kuchizolowezi chake chosawaona. Iwo sanadandaule kwenikweni. Chimene chinawavuta n'chakuti mayi Pauline anayamba kumuyamikira wofiira uja. Ankati taonani mmene akudulira, taonani phewa, ngakhale kuti munthuyo analibe phewa. Pobwerera kunyumba ankafunsa kuti zimatheka bwanji nkhope imodzimodzi ina n'kukhala yochangamuka chonchija, ina n'kumangodziwa nkhuku.

Motero Trevor atakwatira mtsikana wina wa ku Mgona dzina lake Promise, ndipo woimbitsa nyimbo anali Maxon yemweyo, a Amosi anachita chinthu chimene sanachitepo. Itafika nthawi ya makolo a mwamuna, sanangoyenda pang'onopang'ono kukaponya ndalama m'lichero monga amachitira abambo. Anavula jekete, n'kupatsira mayi Pauline, n'kulowa pakati. Analumphira kumanzere, anatsika, ananjenjemeretsa masaya, n'kuyesa kukwera m'mwamba. Anthu anaimirira pamipando. Potsika ulendo wachitatu bondo linalira, ndipo anawanyamula anthu anayi kukawakhazika pansi pa tenti, mwendo atausanjika pakireti.

Mayi Eva anabwera ndi madzi oundana m'kapulasitiki, mayi Pauline akuwakupizira mphepo ndi pulogalamu ya ukwati. A Amosi anafunsa, akupuma movutika, kuti zinaoneka bwanji. Amayi awiriwo anayang'anana. Mayi Pauline anati mwayesetsa, bambo a Trevor, ndipo aka n'koyamba. Mayi Eva anavomereza, n'kuwonjezera kuti nkhani ndi kumvera ng'oma, asamathamangire kutsogolo kwake. Bondolo linatenga mwezi ndi kanthu kuti liphwe, ndipo nthawi yonseyo nkhuku ankadyetsa ndi mayi Pauline, amene anapeza kuti zimaikira bwino munthu akamazikalipira.